Mathero a Buku la Telala Ndinapeka Ndine

Aphungu,

Abale a mwamuna wanga akhala akuuza anthu kuti ndimapita ku laibulale kukabisa ulova. Si zoona. Ndimapita kukasankha mabuku oti ndiziwerengera apongozi anga aamuna, amene maso awo anasiya kuona chaka chatha, ndipo pabanja ponsepo palibe amene amaitha ntchitoyi kuposa ine.

Ku yunivesite ndinachokako ndisanamalize. Mlamu wanga, mchemwali wa bambo a kunyumbawa, anamaliza, ndipo ndi iyeyo anandipatsa dzina lachipongwe loti Aprofesa. Poyamba ankawerengera bambo akewo ndi iye. Ankangotola buku lonyezimira pa tebulo la mabuku atsopano, la momwe munthu angakhalire bwana, mkuluyo n'kuyamba kuliza mkonono tsamba loyamba lisanathe.

Ine za patebulo sindiziyang'ana. Ndimapita pa kangolo kamene amaunjikapo mabuku ongobwezedwa kumene, n'kusakapo lakuda m'mbali, lofewa ngati kansalu kakale. Buku likafika pamenepo ndiye kuti anthu amalilimbirana. Mwezi watha ndinapezapo lina, nkhani ya telala amene mkazi wake anamuthawa. Apongozi analikonda moti chakudya chinkazizira podikira kuti mutu uthe. Mlamu atabwera ndi lake, apongoziwo anamuuza kuti, "Iwe dikira panja, Aprofesa ali m'kalasi." Aphungu, tsiku limenelo ndinayenda ngati ndavala gauni ya ku yunivesite ija ndinaiphonya.

Tsono titayandikira kumapeto, ndinapeza kuti masamba omaliza anathothoka. Mkuluyo anali atatchera khutu, chibwano chili pa ndodo. Ndinangoyang'ana chikuto n'kupitiriza za m'mutu mwanga, mawu osanjenjemera. Mkazi uja ndinamubweza, n'kumuimika pakhomo pa telala, chikwama chili m'manja. Apongozi anapukuta misozi n'kunena kuti, "Wolemba ameneyu anthu amawadziwa." Mpaka lero aliyense wodzawazonda amamufotokozera mathero amenewo.

Pano mlamu uja nsanje yamukwera, wakapempha a ku laibulale kuti amupezere buku lomwelo lathunthu, akuti awawerengerenso yekha. Iyeyo sindimuopa. Chimene sindingapirire n'choti apongozi aziganiza kuti ndinawapusitsa chifukwa saona. Ndiwauze, kapena ndingokhala chete?

E.K.M.

Mayi E.K.M.,

Choyamba, landirani ulemu wanu. Kupeka mathero pomwepo, munthu wamkulu mpaka kugwetsa misozi, si za aliyense, ndipo palibe gauni imene imaphunzitsa zimenezo.

Koma auzeni apongozi anuwo, ndipo muwauze bukulo lisanafike m'manja mwa mlamu wanu. Munthu wosaona amadalira pakamwa pa womuwerengera monga mmene inu mumadalirira maso anu. Akamva kwa inu, mwina mudzaseka limodzi. Akamva kwa mwana wawo, mpando mwaukondawo mwautaya. Pezani nthawi muli awiriwiri, munene mosazungulira kuti masamba munawapeza atathothoka ndipo simunafune kuwasiya apongoziwo m'malere. Kenako afunseni ngati akufuna kumva mathero a mwini bukulo. Akavomera, musiyeni mlamu wanu awerenge. Ndi bambo ake, ndipo lilime lanu lakuthwalo lidzapumeko tsiku limenelo.

Pobweza buku lothothokalo, kawaonetseni a pakauntala kuti lisakavutitsenso wina. Pa kangolo paja pitirizani kusaka, njira yanuyo ndi yabwino, kungoti muziyamba mwaona tsamba lomaliza musanabwereke. Ndipo yambani kulemba nkhani zanuzanu, poti wokumverani muli naye kale.

Chenjezo langa ndi ili: musakadzitame kuti mathero anu aposa a wolemba. Asiyeni apongozi agamule okha, ndipo mudzakhale nawo pafupi pamene mlamu wanu akuwerenga. Buku la telalalo ndinaliwerengapo. Mkazi uja sabwerera.