Kachipangizo ka ku Joni

Lachitatu, 14 Okutobala 1987. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Masana ano akazi anga, amake Sitela, apeza kachipangizo kaja m'thumba la jekete. Ndi kamene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku migodi ya ku Joni, ka mabatire, konjenjemera, kopangidwira amuna kuti azidzisangalatsa okha. Chiyambire matenda a shuga thupi langa limandikana pogona, ndipo m'malo mowauza akazi anga, ndakhala ndikubisala ndi kachipangizoka miyezi isanu.

Sanakalipe. Anangokaika patebulo nati, "Abambo, ine ndimayesa muli ndi mkazi ku Nsanama. Bola akanakhala munthu, ndikanapita kwa ankhoswe. Nanga ichi ndikawauza kuti chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza mmene kamagwirira ntchito, ngati ndili m'kalasi. Anandidula. "Iyayi, aphunzitsi. Ndifotokozereni chifukwa chake munandisiya ndikudziyesa kuti ndimakunyansani."

Kachipangizoko sindikudana nako, kanandionetsa kuti thupi silinafe. Chikundiwawa n'chakuti miyezi yonseyi iwo amalira okha, ine ndili chete. Mawa ndiwapempha kuti tipitire limodzi kuchipatala ku Liwonde, ngati angavomere kuyenda nane.