Magemu athera ku Mbenji

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, koma mtima wanga uli mbee.

Makina atsopano a magemu amene tinaoda ku Lilongwe atha sabata isanathe. Ine ndi amuna anga tinatsutsana m'shopu m'mawa wonse. Iwo amati anthu akopeka ndi zithunzi, mpira wake ngati weniweni. Ine ndimati ayi, alimi a ku Chinguluwe angogulitsa kumene mpunga.

Masana kunabwera a Yusufu, msodzi wa ku chilumba cha Mbenji, kudzagula omaliza pamodzi ndi sola. Ndinawapempha atiweruze.

Anaseka. "Mayi, ku Mbenji mowa n'ngoletsedwa, njuga n'njoletsedwa, akazi safikako. Mwera ukavuta tizitani? Anzanga agula kale."

Tonse tagwa nayo! Koma amuna angawa akuumirirabe za zithunzi zawozo. Mawa ndiwatuma akaode ena ku Lilongwe, akatsutsane ndi kondakitala wa basi...