Kawailesi ka Pammero

Thyolo,
12 Juni 2006

Okondedwa achemwali a Lestina,

Kalata yanu yochokera ku Joniko ndalandira, ndipo ndaiwerenga katatu. Kuno kwagwa chiperoni, masamba a tiyi achepa m'minda, ndiye kufakitale tikungomasula makina ndi kupaka girizi.

Mukuti ndibwere kuchipatala chimene mukugwirako unamwino adzandiyeze chilungulira chija. Akuti adzamata kanthu konga nyemba mkati mwa mmero, kopanda waya, kazitumiza uthenga ku kabokosi ka palamba kwa masiku awiri, kuyeza asidi wokwera kuchokera m'mimba. Zimenezo sizinandidabwitse. Mawailesi onse a pa esiteti pano ndimakonza ndine, popanda amene anandiphunzitsa. Fabiano, mnzanga wa kuboyila, anati, "Ndiye mpira tizimvera pakhosi panu, a dikoni?" Ndinamugenda ndi sipanala. Musadandaule, ndinamuphonya.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi pepala lija mukuti ndizidzalembapo chilichonse chimene ndadya ndi kumwa, ndipo woyamba kuliona mudzakhala inu. Mumandidziwa, ine sindizungulira. Achemwali, ndimamwa tiyi. Wakuda bii, makapu anayi patsiku, kuseri kwa nyumba ya jenereta. Ndinayamba chaka chimene abambo anatisiya. Ine ndemwe, dikoni wa mpingo wa Sabata, amene ndinakalipira achinyamata kumsonkhano wa misasa chifukwa cha tiyi yemweyu!

Ndinaganiza zodzangolemba kuti "madzi otentha". Koma makina ndimawadziwa, ukawadyetsa bodza amakubwezera bodza, ndipo pa nkhani iyi bodza sindikulifuna. Mukukumbukira mmene anayambira abambo. Kutentha pachifuwa, kenako ngakhale phala kukana kutsika. Ine chakudya chikutsikabe. M'mawa uliwonse ndimadziyesa ndi chinangwa chootcha.

Lamlungu ndinapita ku Masambanjati kukawauza amayi za ulendowu. Ndinakonzeka kuulula zonse, koma nditakhala pamphasa ndinangokamba za basi ndi za chipatala. Iwo anangopitiriza kusenda nandolo, osandiyang'ana, kenako anati, "Iwe Everson, ukawauze adokotalawo za tiyi wakoyo. Mano ako anandiuza kalekale." Zaka khumi ndi chimodzi ndikutafuna masamba a ndimu pachipata pawo, pachabe!

Choncho ndibwera ndi basi ya pa 3 Julaye. Pepalalo ndidzalemba zoona, ndipo inunso zimene kawailesiko kadzanene mudzandiuze mosazungulira. Musadzandinyengerere monga tinkawanyengerera abambo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Salome. Amayi akupereka moni wambiri, ati zotsatira zikadzatuluka mudzawauze iwo poyamba. Pondiperekeza kusiteji anandigwira pakhosi ndi chikhatho, monga ankawagwirira abambo, ndipo sanachichotse mpaka kondakitala atakuwa kachiwiri.

Ndine mlongo wanu,
Everson