Wailesi ya a Mapopa

Alamu anga a Haswell,

Monire a ku Kitwe. Muli bwanji pamodzi ndi amayi a kunyumba ndi ana? Mwendo uja unaleka kutupa? Kuno ku Lundazi tilipo, kungoti nyumba yandikulira chimwalirireni akulu anu a Mapopa.

Apongozi andiuza kuti pogawa katundu wa malemu mwezi wamawa, njinga ipita kwa ang'ono anu a Evans, wailesi ndi mlongoti wake zikhala zanu. Njinga ipite, sindidandaula. Koma pa wailesiyo, alamu, ndagwira mwendo wanu, mundisiyire.

Musaganize kuti mukamverapo mpira. Siigwira mpira, siigwira nyimbo. Imangotola mawu a zombo zija zimazungulira dziko kumwambaku. Mlongoti wakenso ndi mpaipi wa madzi ndi zidutswa za tepi yopimira, akulu anu anaupanga okha.

Mukudziwa mmene ndinkalongololera. Munthu wamkulu, mphunzitsi wopuma, kusiya mtedza pamphasa nkhuku zikudya, n'kuthamangira pachulu atanyamula mlongoti ngati akuingitsa akuba! Ankati chombo sichidikira munthu. Ine ndinkawayankha kuti nkhukunso sizidikira.

Manja atayamba kunjenjemera ndi matenda, anandipempha kuti ndiziwagwirira mlongotiwo. Ndinkagwira uku ndikung'ung'udza. Iwo ali pampando ankandiuza kuti ndikweze, nditembenukire kumtengo wa mango, nditsitse pang'ono. Tsiku lina m'phokoso la wailesi munatuluka mawu a mzimayi wa m'chombo, akuyankhula Chingerezi, ndipo a Mapopa anaseka mpaka kutsokomola. Sindinawamvenso akuseka.

Dzulo masana foni yawo inalira, kuchenjeza kuti chombo chayandikira. Ndinali kutongola chimanga, koma ndinangozindikira ndili pachulu. Chingerezi sindimva, alamu, koma manja angawa akudziwa njira. Ndikamakweza mlongoti ndimawamva akundikonza monga kale. M'nyumba sindiwamva, kumanda sindiwamva. Ndimawasowa, ndipo pachulu pokha ndi pomwe ndimawapeza.

Mwambo ndimaulemekeza, ndipo sindikangana ndi abale a mwamuna wanga. Mukakana, ndiikulunga bwinobwino m'chitenje n'kukupatsani ndi manja awiri. Koma dziwani kuti tsiku limenelo ndidzakhala ndawaika m'manda kachiwiri, popanda wondithandiza kulira.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa akazi anu, amayi a Watipaso, ndi ana onse.

Ndine mlamu wanu,
Faides