Mng'alu wa Kuseri kwa Wadirobu

Amuna anga a Esau,

M'mawa muno kwabwera munthu wovala chisoti chachikasu ndi magalasi akuda. Sanatchule dzina, wangoyamba kuzungulira nyumba yathu ndi kamera. Ndimayesa ndi wapolisi wachinsinsi. Iyayi, ndi wa kampani imene ikufuna kumanga sitolo yosanja pa puloti yoyandikana nafeyi. Akuti akujambula makoma a nyumba zonse zapafupi asanayambe kukumba mawa, kuti wina asadzanamizire makina awo kuti amugwetsera nyumba.

Wajambula mng'alu uliwonse wa nyumba yanu yachifumu ija. Atasuntha wadirobu kuchipinda, wapeza waukulu uja munaubisa, wolowa dzanja lonse. Wangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mayi, makina akayamba kugwedeza nthaka, khoma ili ligwera pabedi." Inu si paja munkati ndi penti chabe yasweka? Mmisiri wamkulu wa Balaka yense!

Ndiye ine ndapita kwa achemwali ku Phalula, sindikufuna kufera m'tulo. Chotsani bedi lero lomwe, muchirikize khomalo ndi mitengo, ndipo muitane mmisiri weniweni, osati anzanu a pabawo aja. Ndibwera likakonzedwa. Pepani, ndiwo sindinaphike. Mukazinge mazira, ngati zimenezo mumatha.

Mukufuna kumudziwa mlendoyo? Potuluka pageti wavula magalasi aja pang'onopang'ono, n'kumwetulira. Ndi Kenneth wa ku Nselema, uja ndinamukana chifukwa inu munandilonjeza nyumba yolimba. Akuti ndikupatseni moni.

Wanu,
Eliza