Mphere Zosinthana kwa Azakhali

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, koma ndikati ndili bwino ndikunamizani. Kalata ino ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo lili pa ntchito yokanda.

Mwafunsa ngati masamba a nimu munandiuza aja anathandiza. Achemwali, ndinawiritsa, ndinasamba, ena ndinasinja n'kupaka mpaka ndinaoneka ngati bilimankhwe. Kuyabwa kunachepa madzulo amodzi basi, kutacha mphere zinadzuka ndi mphamvu ngati zamwa tiyi. Ndipo musaganize kuti zili pa ine ndekha. Tonse atatu tikukanda, ine, azakhali ndi msuweni wanga uja timagona naye matiresi amodzi. Mukalowa m'nyumba muno mumangomva kwee kwee ngati wina akupala poto.

Azakhali atamva za nimu anaseka, ati amenewo ndi mankhwala a ana. Iwo anayamba ndi mandimu osakaniza ndi mchere. Pa chilonda, achemwali! Ndinalumpha mpaka kugwetsa ndowa. Kenako adyo wosinja. Kenako palafini, ati tizilomboto tife ndi fungo. Zonsezi zitakanika anapita kwa amakanika a kuseri kwa nyumba kukapempha oyilo wakuda wotsala mu injini. Amakanikawo anawatsimikizira kuti mbuzi yawo inachira ndi oyilo yemweyo. Ndinawauza azakhali kuti ine si mbuzi, iwo ati mbuzi bola, imamva. Ndiye ndinapaka, nditani nanga. Khungu la pakati pa zala linapsa n'kusupuka, shiti yanga yogonera ija pano ili bii, ndipo mu minibasi bambo wina anafunsa kondakitala ngati galimoto ikudontha.

Tsopano vuto lenileni ndi ili. Mukudziwa kuti ku saluni ndinali nditangoyamba kupatsidwa mitu yanga yoluka, patatha miyezi yonse ija ndikungotsuka tsitsi ndi kugwirira ena meshi. Tsiku lina ndikuluka mayi wina, ndinaima pang'ono kuti ndikande pamkono. Mayiyo anandiona pa galasi. Anayang'anitsitsa zala zanga, anadzuka mutu uli theka, n'kuuza madamu kuti iye anabwera kudzalukitsa, osati kudzatola matenda. Madamu sanandikalipire pagulu, pamenepo ndiwayamike. Anandiitanira kuseri komwe timayanika matawulo n'kundiuza kuti ndisakhudzenso mutu wa munthu mpaka manja atayera. Pano ntchito yanga ndi tsache. Pa mpando wanga akulukirapo mtsikana wina amene anabwera m'mbuyo mwanga, woti ngakhale mzere sautha kuwongola, ndipo madamu anena mosabisa kuti mwezi uno ukatha ndisanachire, mpandowo ndi wake basi.

Ndiye ndinapita kuchipatala osawauza azakhali. Anamwino atangoona manja anga anafunsa chimene ndapaka. Nditatchula oyilo anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndinapitako kusukulu. Manyazi ake! Anandipatsa botolo la mankhwala oyera ngati mkaka, ati ndipake thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka ku zala za kumapazi, osati poyabwa pokha. Ati zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Koma chimene anabwerezabwereza n'chakuti aliyense wa m'nyumba apake tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kuyabwa, ndipo enawo abwere adzawaone n'kuwapatsa mabotolo awo.

Apa ndiye mumve za azakhali anuwa. M'nyumba muno chilichonse n'chosinthana, ndipo amayamba ndi wamkulu. Ndowa yosambira, simbi, tchaja, ngakhale galasi lodziyang'anira. Ndiye ataona botolo lija analitenga, analiika pamwamba pa kabati n'kulengeza kuti nalonso liyenda chimodzimodzi. Ayamba iwo, akachira apatsa msuweni, ine kumapeto poti msuweni anandiposa ndi miyezi ingapo. Ine amene ndinakaima pa mzere mpaka miyendo kuuma! Ndinawafotokozera bwinobwino zimene anamwino anandichenjeza, kuti tizilomboti timasamuka, wina akachira timabwerera kwa iye kuchokera kwa mnzake. Iwo ati chibadwire sanaonepo mwana akusamba mkulu asanasambe, ndipo sukulu yangayo ndikaionetsere ku saluni.

Zinachitika monga momwe anamwino ananenera. Azakhali anapaka, anayamba kupezako bwino, mpaka kumaimba nyimbo posesa. Koma thawulo ndi lomwe lija tonse, chitenje chawo msuweni amafunda, madzulo amatsamirana poonera filimu pa foni. Pamene botolo limafika kwa ine, litatsala pansi penipeni, iwo anali atayambiranso kukanda. Zija amati chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, kuno si mwambi ayi, ndi ndondomeko ya m'nyumba. Ndiye mukudziwa anati chiyani? Ati adzionera okha kuti mankhwala a kuchipatala ndi madzi chabe, weniweni ndi oyilo. Dzulo abweranso ndi kabotolo kena kuchokera kwa amakanika aja, ndipo ati ulendo uno ndiyambe ndine.

Ndawapempha kuti tipite tonse kuchipatala. Akana. Ati makasitomala awo a kumsika akawaona pa mzere wa mphere, ndani adzagulenso tomato wawo. Ine ndinangofunsa kuti nanga pano sakuwaona akukanda m'khwapa kwinaku akuunjika tomato yemweyo? Eee, apo ndiye ndinaputa mavu. Sakundiyankhula, ati ndili ndi mwano. Ndinayesa kuyala makatoni pansi kuti ndizigona ndekha, ati ndikunyansidwa nawo m'nyumba mwawo momwe. Msuweni naye m'malo mondithandiza amangoseka, akuti tizikanda mosinthana, iye msana wanga ine wake.

Pempho langa ndi limodzi. Ndalama ayi, ndipo masamba ena chonde musatumize. Muwauze bambo amuimbire foni mlongo wawoyu. Padziko pano munthu amene azakhali amamumvera ndi bambo okha, ndipo mwa lamulo lawo lomwe la wamkulu patsogolo, bambo ndiwo aakulu. Asakalipe ayi. Angonena kuti tonse atatu tipite kuchipatala limodzi, tipake tsiku limodzi, tichape zonse tsiku lomwelo. Madzi nditunga ndekha, kutenthetsa nditenthetsa ndekha, mabulangete ndichapa ndekha ndi manja osupukawa. Koma aimbe sabata ino, chifukwa anamwino anati ngakhale utapaka bwino khungu limatenga nthawi kuti liyere, ndipo madamu sadzayang'ana botolo, adzayang'ana zala.

Bambo akayamba zawo zija zoti nkhani za akazi salowerera, muwauze kuti mpando ukapita ine ndilibe chokhalira kuno. Ndikwera basi ndi chikwama changa ndi mphere zanga zonse, ndipo ndikangofika ndidzayamba ndi iwo kuwapatsa moni wa m'manja, wautali, wa manja onse awiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asadandaule, kudya ndikudya. Moni kwa alamu anga ndi ana onse. Wa bambo muusunge kaye, mudzapereke akaimba.

Ndine mng'ono wanu wokandakanda,
Mzime