Ntchafu Imene Munathowa

Azakhali,

Ndikhulupirira munafika bwino. Ife kuno tilipo, kungoti mlongo wanga uja akuyendabe chotsimphina.

Mukukumbukira tsiku lija anamugunda ndi bondo pantchafu ku mpira? Aphunzitsi a timu anati tiikepo ayezi, apume. Inu munati zimenezo n'zachibwana, mwalera anyamata ambiri. Munatereka madzi, n'kumuthowa ndi thaulo, n'kumakanya ntchafuyo ngati mukuchapa bulangete. Iye akukuwa, inu mukuti, "Limba mtima, magazi oipa akuchoka."

Pano pamene munakanyapo pauma gwa ngati mwala, bondo likukana kupindika. Adokotala atamujambula akuti kutenthako ndi kukanyako kunachititsa magazi kutayikira kwambiri m'kati, ndipo mumnofu mwayamba kumera kafupa. Kenaka anamutuma kukatenga mankhwala, ine n'kundiuza kuti nditsalire. Zimene anandiuza za tsogolo lake pa mpira, dzanja langa likukana kulemba.

Iye nsapato zake za mpira akuzipukutabe m'mawa uliwonse, n'kuziika pafupi ndi chitseko.

Paja munati mudzabweranso kudzaona ntchito ya manja anu. Bwerani ndithu. Mudzamuuze ndinu, poti inu pakamwa sipachita mantha.

Moni kwa onse kumeneko.

Ndine,
Mwana wa mlongo wanu